Maina a Masiku Athu



M'buku lake lotchedwa The Lord of the Rings, lomwe gawo lake lomaliza linatuluka mu 1955, mlembi wa ku Mangalande, J.R.R. Tolkien, anapeka dziko, napekanso kalendala yake. Masiku a m'dzikomo anawatcha maina a nyenyezi, dzuŵa, mwezi, mitengo, thambo ndi nyanja. Iye anadziŵa kuti dzina la tsiku limaulula moyo wa eni ake.

Nanga masiku athuŵa akuulula chiyani? Makolo athu ankaŵerenga nthaŵi poyang'ana mwezi ndi nyengo. Mlungu wa masiku asanu ndi aŵiri unafala ndi amishoni, monga aja anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndiponso ndi eni minda ya khofi ndi tiyi. Lolemba ndilo tsiku lolemba antchito. Kuyambira Lachiŵiri kufikira Lachisanu n'kungoŵerenga masiku a thukuta. Loŵeruka anthu ankaŵeruka, ndipo Lamulungu ankalipereka kwa Chauta.

Choncho bambo wa ku Nkolokosa amene amalaŵirira ku ntchito ku Makata, akatchula Lolemba, akukumbutsa za agogo ake amene ankaima pamzere kudikira kuti kapitawo awalembe dzina. Tikazoloŵera kunena kuti "Mande," ana athu sadzafunsanso kuti wolembayo anali yani, nanga olembedwawo ankalandira chiyani.

Aphunzitseni mainaŵa pamodzi ndi tanthauzo lake.