Mayi Wapakati Asakhale Yekha: Mawu a Mlembi wa Amayi pa Msonkhano wa Nthambi



Pa misonkhano yathu tidazolowera kukamba za mtengo wa feteleza, za mlatho umene udakokoloka, ndi za msika wa fodya ndi mtedza. Zimenezo nzofunika ndithu, ndipo tidzazikambanso. Koma lero komiti yandituma kuti ndikambe nkhani ya m'nyumba, imene tonse timaidziwa koma sitiitchula pagulu. Nkhani yake ndi ya amayi apakati amene akumenyedwa ndi kuzunzidwa m'mabanja mwao, ndi chimene ife a nthambi ino tingachitepo.

Poyamba tamverani chiwerengero. Boma lidachita kafukufuku wa zaumoyo m'dziko lonse m'chaka cha 2015 ndi 2016. Lidapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene adakwatiwapo, amayi 42 adachitidwapo nkhanza ndi amuna ao: kumenyedwa, kukakamizidwa za m'nyumba, kapena kunyozedwa ndi kuopsezedwa. Mwa amayi 100 amene adakhalapo ndi pakati, amayi 5 adanena kuti adamenyedwa ali ndi pakati pomwepo. Ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 kufikira 19, atsikana 29 anali ndi mwana kale kapena anali oyembekezera. Amenewa si anthu achilendo ai. Ndi alongo athu, ana athu, apongozi athu, amene timatunga nao madzi pa mjigo umodzi.

Wina angafunse kuti, kodi nchifukwa ninji tikusankha mayi wapakati, pamene nkhanza nzoipa kwa munthu aliyense? Yankho nlakuti dzanja limodzi limapweteka anthu awiri. Mayi akamenyedwa pamimba, nsengwa ikhoza kuchoka pamalo pake nthawi isanakwane, magazi nkuyamba kutayika, mwana nkufera m'mimba, mwinanso mayi yemwe. Ena amapita padera. Ena amabereka masiku asanakwane, kamwana kochepa thupi kosatha kuyamwa bwino. Ndiponso mayi wokhala mwamantha sadya bwino, sagona tulo, ndipo amachedwa kuyamba sikelo chifukwa akuopa kuti anamwino aona zipsera. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lidalangiza m'chaka cha 2016 kuti mayi wapakati aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Nanga amene bambo wake amamletsa kutuluka pakhomo adzafika bwanji ngakhale kawiri?

Nthawi ya pakati ndiyonso imene mikangano imakula. Mayi mphamvu zachepa, salima monga kale, ndipo wina amati ndi ulesi. Pakufunika ndalama za nsalu, beseni ndi ulendo wa kuchipatala, pamene nkhokwe yatha. Kusikelo amayeza magazi, ndipo kuyambira 2011 dziko lathu lidayamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati wopezeka ndi kachirombo ka HIV. Nzeru imeneyi yapulumutsa ana ambiri. Koma popeza mayi ndiye amayamba kuyezedwa, alipo abambo amene amamloza chala kuti ndiye wabweretsa matenda, pamene iwo eni sadayezetse nkomwe.

Tsono mankhwala ake nchiyani? Ndikuuzeni zimene adayesa anzathu kutali. Ku America kuli tauni yaing'ono ya Elmira, m'chigawo cha New York. M'chaka cha 1977 munthu wina wophunzira, dzina lake David Olds, adayambitsa kumeneko ntchito yotuma anamwino kukayendera amayi kunyumba zao. Amayi 400 adalowa nao, onse a mimba yoyamba, ambiri a iwo achichepere, osauka, kapena opanda mwamuna. Ena mwa iwo namwino ankawayendera kuyambira ali ndi pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Ena sankayenderedwa chotero, kuti pambuyo pake afanizire. Namwinoyo ankakhala pansi ndi mayi, kukamba naye za chakudya, za kulira kwa mwana, za abale amene angamthandize, ndi za tsogolo lake. Patapita zaka 15 adabwerera kukaona mabanja aja. Adapeza kuti m'mabanja oyenderedwa kufikira zaka ziwiri, milandu ya kuzunza ndi kutaya ana inali yochepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi enawo.

Koma pali phunziro lachiwiri, ndipo ndilo lalikulu kwa ife. M'chaka cha 2000 anthu omwewo adalengeza kuti m'nyumba zimene mayi ankamenyedwa kawirikawiri, phindu la kuyendera lija silidaoneke. Tanthauzo lake nlakuti sungateteze mwana ukutseka maso pa zimene zikuchitikira mayi wake. Ku Netherlands adatenga nzeru ya ku Elmira ija naitcha VoorZorg, ndipo anamwino ao ankakambanso ndi atsikana apakati za mikangano ndi nkhanza za m'banja. Zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2013: amayi oyenderedwa adachitidwa nkhanza zocheperapo kusiyana ndi anzao osayenderedwa.

Mwina mukuti, zimenezo nza maiko a ndalama, ife anamwino okwanira mudzi uliwonse tiwatenga kuti? Zoona, anamwino tilibe okwanira. Koma kuyendera mayi wapakati si chinthu chachilendo kwathu kuno. Ku Mchinji kudali ntchito ya MaiMwana, imene amayi a m'midzi momwemo adaphunzitsidwa nkumayendera anzao kasanu: kamodzi mimba itakula, kenaka sabata loyamba mwana atabadwa, ndi pa mwezi umodzi, miyezi itatu ndi miyezi isanu. Iwo ankaphunzitsa za kuyamwitsa ndi kasamalidwe ka khanda, osati za nkhanza, koma adaonetsa kuti mayi wa kumudzi akaphunzitsidwa bwino amaigwira ntchitoyi. Ku Ntcheu, m'dera la Mfumu Kwataine, kudali amayi achinsinsi amene mayi ankawanong'oneza kuti waima, iwo nkumamlondola kufikira atakachirira kuchipatala. Tilinso ndi alangizi a zaumoyo amene boma lidawapatsa ntchito yoyendera amayi apakati ndi a chikuta. Chotero maziko alipo kale. Chatsala nchakuti oyenderawo atsekule maso ndi makutu pa nkhani ya nkhanza.

Nchifukwa chake komiti ikupempha kuti mudzi uliwonse wa nthambi yathu usankhe amayi awiri okhwima maganizo, odziwika kuti sayenda ndi nkhani za eni. Amenewa tikawapereka kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kwa anamwino a pachipatala chathu kuti awaphunzitse, pakuti ife sitifuna kulanda ntchito ya achipatala koma kuwapatsa miyendo. Ayambe ndi amayi amene ali pangozi koposa: mtsikana wa mimba yoyamba, makamaka wosakwana zaka 18, mayi amene ali pachitengwa kutali ndi abale ake, amene mwamuna wake adakana mimba kapena adapita kunja osatumiza kanthu, ndi amene pakhomo pake pamamveka kulira usiku bambo akabwera ku mowa.

Inu amene mudzasankhidwe, gwirani malangizo awa. Mayi mmodzi aziyenderedwa ndi munthu yemweyo nthawi zonse, pakuti munthu saulula za mumtima kwa mlendo wa tsiku limodzi. Muzipita poyera, monga wodzaona wodwala, ndipo mwini khomo mumpatse ulemu wake. Nkhani ya kumenyedwa musaifunse pamaso pa mwamuna, kapena apongozi, ngakhale pamaso pa mwana wodziwa kuyankhula. Dikirani mpata wa kudimba, wa kumtondo kapena wa panjira ya kusikelo. Akakuuzani, mkhulupirireni. Musamfunse kuti, "Nanga iwe udalakwa chiyani?" Musamlamule kuti achoke pabanja, musamlamulenso kuti apirire. Mfunseni kumene angathawire usiku zinthu zikavuta, ndipo mthandizeni kusunga buku lake la kusikelo ndi kandalama pamalo pena. Zimene mwamva zisafike pa mjigo. Mawu amodzi otayika akhoza kumphetsa munthu.

Koma zilipo zina zosafuna kudikira. Mayi akamenyedwa pamimba, akayamba kutaya magazi, mwana akaleka kugunda, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale pa ngolo. Bambo akafika pomkanyanga pakhosi kapena kumuopseza ndi chikwanje, imeneyo yapitirira msinkhu wa ankhoswe. Ankhoswe timawalemekeza, ndipo milandu ya ndiwo ndi ya mawu amaitha bwino. Koma mlandu wa magazi ngwa boma. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja m'chaka cha 2006, ndipo pa lamulo limenelo khoti likhoza kupereka chikalata choletsa wankhanza kuyandikira kapena kuopseza mkazi wake. Kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, ndipo m'zipatala zina muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Kumbukiraninso kuti lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017, zidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Mwana akatenga mimba, musamkankhire kwa mwamuna kuti manyazi achoke pakhomo. Kumeneko ndiye mukumpereka m'manja mwa nkhanza alibe womuona.

Tsopano ndiyankhule ndi inu abambo. Musaganize kuti tikutuma akazitape m'nyumba zanu. Abambo ambiri muno simudakwezepo dzanja pa akazi anu, ndipo alipo amene amawanyamula pa njinga kupita nao kusikelo. Inu ndinu amene tikukudalirani. Mwamuna amamva msanga mawu a mwamuna mnzake kusiyana ndi a mlembi wa amayi. Mukamva kulira kwa mnansi, musakoke bulangete nkumati za m'nyumba ya mwini saziweruza. Gogodani pachitseko. M'mawa mwake mtengeni mnzanuyo mukambe naye, asanalawe kachasu. Ndipo ndalama za fodya zikabwera, patulani za kuchipatala musanapite kumsika, pakuti mikangano yambiri imayambira pamenepo.

Kwa inu mafumu, pempho lathu nlakuti mayi wothawa usiku apeze khomo lotsekuka pamudzi panu, ndipo wosunga munthu wotere asaimbidwe mlandu wopasula banja la mwini.

Chinthu chomaliza, ndipo ndikuchinena pamaso pa Wapampando. Ntchito imeneyi tisaisandutse yokopera mavoti. Akuluakulu muno mukukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, isanafike referendamu ya 1993, pamene munthu wopanda khadi ankabwezedwa pamsika ndi pa basi, ndipo amayi ena apakati ankauzidwa kugulira khadi ngakhale mwana wa m'mimba. Ife tisayende njira imeneyo. Woyendera asavale nsalu ya chipani popita kwa wodwala, asafunse kuti pakhomopo amavotera yani. Mayi wa chipani china ali ndi pakati pofanana ndi pa mayi wa chipani chathu. Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sadatchulepo za khadi.

Tsono tichite chotere. Pofika msonkhano wa mwezi wa mawa, wapampando wa mudzi uliwonse abwere ndi maina a amayi awiri aja. Mlembi wa nthambi alembe kalata kwa mkulu wa pachipatala chathu yopempha tsiku la maphunziro. Msungichuma atiuze ngati thumba lathu lingathe kukonza njinga imodzi yonyamulira odwala. Maina a amayi oyenderedwa sadzawerengedwa pa msonkhano uliwonse, ndipo sadzalembedwa m'buku la nthambi. Tidzangomva kuchuluka kwao.

Ufulu umene timaukamba pa misonkhano uyenera kufikanso kuseri kwa chitseko, kumene kuli mayi amene sadabwere lero chifukwa sadaloledwe kutuluka. Tiyeni timpitire ife.