Galu wa mtundu: tidziwe kaye tisanatulutse ndalama

(Mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi mu mzinda wa Tete)

Nkhani yanga lero ndi ya agalu. Musaseke ayi, pamenepa pali ndalama, palinso moyo wa ana athu.

Ku Matundo, ku Chingodzi ngakhale m'tauni muno, mumakumana ndi anyamata atanyamula tiana ta agalu m'katoni. Amati, "Bwana, uyu ndi Jack Russell weniweni, wachokera ku Joni." Kodi galu wa mtundu n'chiyani makamaka?

Jack Russell ali m'gulu la agalu otchedwa terrier, agalu olusa omwe ambiri ndi ang'onoang'ono. Ku Britain ankawaweta kuti azilowa kuuna kukatulutsa nkhandwe komanso kupha makoswe. Dzinali ndi la m'busa wina, John Russell, yemwe m'chaka cha 1819 anagula galu wamkazi dzina lake Trump, nayamba kubereketsa agalu oyera kuti mlenje asamawasokoneze ndi nyama. Chionetsero chotchuka cha Crufts chinayamba mu 1891 ku London, ndipo mwini wake, Charles Cruft, anayambira pa chionetsero cha ma terrier okhaokha mu 1886.

Pachionetsero agalu salumana ayi. Mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake wolembedwa. Woweruza amayang'ana mano, msinkhu, ubweya ndi kayendedwe, ndipo wopambana ndi amene wayandikira muyesowo. Ku South Africa, bungwe la Kennel Union of Southern Africa ndilo limasunga kaundula wa agalu otere. Tsono galu wa mtundu amakhala ndi chikalata chotchula makolo ndi agogo ake. Popanda chikalata, mwagula mawu a wogulitsa basi.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wofuna phindu lamsanga amakweretsa galu ndi mlongo wake, kapena ndi mwana wake yemwe. Zotsatira zake ndi tiana togontha, totsimphina, tina tovutika maso. Choncho musanalipire, kaoneni mayi wa tianato komwe akukhala. Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63, ndipo mwana asachoke kwa mayi ake asanakwane masabata 8. Funsani khadi la katemera, makamaka wa parvo, matenda otsegula m'mimba magazi aja amene amatha tiana m'masiku ochepa.

Nanga galu wathu wakumudzi? Tisamupeputse. Rhodesian Ridgeback, yemwe muyeso wake unalembedwa ku Bulawayo mu 1922, mzere wa ubweya wapamsana uja anautengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi. Galu wathu anazolowera dzuwa la ku Tete, lomwe mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Galu waubweya wambiri kapena wamphuno yaifupi, mukam'mangirira padzuwa lotere popanda madzi ndi mthunzi, mwamupha nokha.

Chachikulu ndi ichi, anzanga: chiwewe sichifunsa chikalata. Galu aliyense, wodula kaya waulere, abayidwe katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, ndipo muzibwereza monga a zaziweto akuuzirani. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti tione kaye, chifukwa zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala.

Pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira za chiwewe. Ndikupempha kalabu yathu kuti tsikuli lisanafike, aliyense awerenge agalu a m'dera lake omwe sanabayidwe, tidzapereke chiwerengerocho kwa a zaziweto ndi kuchiulutsa pa wailesi yathu.