Mpikisano Wopeza Njira

Ku maiko a ku Ulaya kuli maseŵera otchedwa orienteering. Opikisana amathamanga atanyamula mapu ndi kampasi, kufunafuna zizindikiro zoikidwa m'malo osiyanasiyana. Mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway m'chaka cha 1897. Masiku ano magulu amapikisananso m'miseu ya mizinda monga London, kumene liŵiro lokha silipambanitsa munthu. Akangophonya mphambano imodzi, anzake ampitirira.

Luso limeneli si lachilendo kwa anthu a ku Mitundu. Mlenje, kapena mayi wokazula bowa m'nkhalango ya Dzalanyama, sankanyamula pepala. Mapu ake anali chulu, mtengo wa msuku, ndi kumene kamtsinje kakuloŵera, pakuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri omwewo.

Koma zizindikirozo zikutha. Ootcha makala anagwetsa mitengo yochuluka, kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Pamene panali msuku wodziŵika kwa aliyense, lero pali zitsa zofanana zokhazokha, ndipo nkhalamba yokulira komweko imaima niyang'ana dzuŵa, kuti idziŵe kumene kuli mudzi wake.