Ulendo wa Gogo Wopita ku Chipatala

(Mawu amene mnzathu wina adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)



Mayi anga amakhala ku Kaliyeka. Chidwalireni sitiroko, sayenda okha. Tsiku lokalandira mankhwala ku Kawale, mlongo wanga amawabereka kumsana mpaka pamsewu, pakuti njinga ya olumala siyenda m'matope ndi m'maenje. Kabaza sangakwere. Maminibasi amangodutsa, ndipo ikaima imodzi, kondakitala amafunanso ndalama ya njingayo.

M'tauni masitolo ena adapatula malo oimikapo galimoto za olumala pafupi ndi khomo. Koma oimikapo ndife, amiyendo yabwinobwino. Ndikuulula, inenso ndidachitapo, mpaka tsiku limene ndidasowa potsitsira mayi anga.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse m'Malaŵi muno ali ndi ulumali. Malamulo alipo: la olumala la 2012, lina lolowa m'malo mwake la 2024, ndi la okalamba la chaka chomwecho. Koma lamulo silibereka gogo kumsana.

Pempho langa nali. Malo aja tiwasiyire eni ake. Chachiwiri, ife amene tiri ndi galimoto tilembetse maina kwa mlembi, aliyense m'mawa umodzi pamwezi, tikanyamule nkhalamba za ku Kaliyeka, owasamalira apumeko. Paja akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.