Mabawuti a Ngolo ndi a Chigayo

Lero tikambe za mabawuti a ngolo ndi a chigayo.

Pachikani khasu lopanda mpini, muligogode: lilira nthawi yaitali. Likhomereni mumpini, muligogodenso: kulira kuzima msanga. Chifukwa chake nchakuti chitsulo ndi mtengo zimakhulana polumikizirapo, ndipo kukhulanako kumameza kunjenjemera, nkukusandutsa kutentha pang'ono.

Katswiri wina wa ku France, dzina lake Coulomb, anaonetsa mu 1781 kuti mphamvu ya kukhulana imakula molingana ndi mmene zinthu ziwiri zapanikizirana. Amisiri opanga makina amawerengera zimenezi kufikira lero.

Tsono bawuti likakhwepa, zitsulo sizikhulananso, koma zimamenyana. Bowo limakula, bawuti nkuduka, ngolo nkugona panjira ndi matumba a chimanga, tsiku la msika nkupita.

Chotero m'nyengo yokolola mangani mabawuti onse ndi sipanala sabata iliyonse. Mukamva kugogoda kwachilendo, imitsani ng'ombe kapena injini pomwepo, mufune pamene pakhwepa. Mafumu, kumbutsani anthu anu mau awa pabwalo.

Tsalani bwino.