NAMWINO WA PA FONI: KODI ANGATHANDIZE ODWALA NTHENDA ZOKHALITSA?

(Awa ndi mawu amene mayi wina, namwino wopuma pa ntchito, anayankhula kwa odwala shuga ndi BP pamodzi ndi owasamala pa msonkhano wawo ku Chiradzulu)

Ndiyambe ndi nkhani ya achemwali anga, amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri. Tsiku lina madzulo mlamu anaona kuti pakamwa pa achemwali papotokera mbali imodzi ndipo dzanja lamanja silikugwira kapu. Banja linakhala pansi nkugwirizana kuti adikire kuche, pakuti ndalama ya kabaza panalibe ndipo mwina kunali kutopa chabe. Pamene ankafika kuchipatala m'mawa, mbali yonse inali itafa. Lero amayenda ndi ndodo. Banjalo linali ndi foni m'nyumba usiku wonse, koma palibe anaganiza zoimbira munthu wodziwa kuti afunse funso limodzi lokha: tipite tsopano kapena tidikire?

Funso limeneli ndilo ntchito yaikulu ya namwino wa pa foni. Iye sachiza munthu pa lamya ayi. Amamvetsera, amafunsa mafunso motsata ndondomeko yolembedwa, kenaka amaika wodwala m'gulu limodzi mwa magulu atatu: wothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, wopita mawa ku chipatala chaching'ono cha pafupi, ndi wokhala kunyumba akutsata malangizo. Inu amene munakhalako ku England mukumbukira kuti m'chaka cha 1998 kumeneko anayambitsa NHS Direct, kumene anamwino ankayankha mafoni a odwala usana ndi usiku. Koma musaganize kuti izi nza azungu okha.

Kuno kwathu, m'chaka cha 2010, a Soyapi Mumba ndi a Clement Mwazambumba anapambana mpikisano wa maganizo opulumutsa amayi ndi ana. Maganizo awo awiriwo ataphatikizidwa, bungwe la VillageReach linatsegula Chipatala Cha Pa Foni ku Balaka m'chaka cha 2011. Poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, koma pambuyo pake chinayamba kuyankha za matenda ena onse. Kampani ya Airtel inapereka nambala yaulere ya 54747, pofika 2018 ntchitoyi inali itafika m'maboma onse 28, ndipo pofika 2020 inali m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. M'chaka chomwecho, nthawi ya Covid-19, anthu ambiri anadziwanso nambala ya 929. Musanachoke pano, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nambala yoyenera kuimba ndipo muilembe pachikuto cha buku lanu la kuchipatala.

Tsono nchifukwa chiyani nkhaniyi ikukhudza ife a Chiradzulu kuposa ena? Nchifukwa choti boma lino linaphunzira kale, m'njira yowawa, kusamala nthenda yosachizika. M'chaka cha 2001 madokotala a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV pa chipatala chathu chachikulu, zaka zitatu boma lisanayambe kugawa mankhwalawa mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Nthawi imeneyo anthu ophunzira ankanena kuti munthu wa kumudzi sangathe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Anthu a ku Namitambo, Milepa, Mbulumbuzi ndi Ndunde anawaonetsa kuti ankalakwa. Madokotala atachepa, ntchito inaperekedwa kwa anamwino a m'zipatala zazing'ono, ndipo odwala amene thupi linali litakhazikika anayamba kuonana ndi wachipatala kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi.

Koma taganizani: munthu akamaonana ndi namwino kawiri pachaka, masiku enawo amafunsa ndani? Mpata umenewu ndi umene foni ingatseke. Ndipo lero si kachilombo kokha. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Onjezanipo shuga, mphumu ndi khunyu. Ambiri amene anapulumuka ndi ma ARV zaka makumi awiri zapitazo tsopano ndi agogo, ndipo akumwa mankhwala a nthenda ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi.

Ndikuuzeni zina zimene namwino wabwino amamvetsera mukaimba. Kwa wa BP: pakamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusamveka, kupweteka kwa pachifuwa, kubanika. Izi sizidikira kucha. Kwa wa shuga: akatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu atamwa mankhwala osadya, nthawi zambiri ndiye kuti shuga watsika, ndipo ngati akutha kumeza mumpatse madzi osungunulira shuga pomwepo, ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mnyamuleni. Chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga, ngakhale chichepe bwanji, chiyenera kuonedwa ndi wachipatala msanga. Kwa wa ma ARV: mutu waukulu wosasiya, khosi kuuma, kapena chifuwa chokhalitsa pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku. Koma mukaimba kuti mwaiwala piritsi la dzulo, namwino adzakulangizani muli pakhomo panu, ndipo ndalama ya kabaza mudzagulira ndiwo.

Sindinabwere kudzakunamizani kuti foni ndi yankho la zonse. Foni siingakuyezeni BP. Siingatulutse mankhwala ngati m'nkhokwe ya chipatala mulibe. M'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba la bambo, pamene wodwala ndi mayi amene watsala pakhomo. Ndipo tonse tikukumbukira mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri nkukwirira mudzi wa Ntauchira: milatho inapita, magetsi anazima, mafoni anatha moto, ndipo anthu anataya mankhwala pamodzi ndi mabuku awo a kuchipatala. Choncho tisalole kuti wina adzatiuze kuti popeza muli ndi nambala yoimba, namwino wa pa chipatala chanu safunikanso. Wa pa foni akati "pitani", payenera kukhala munthu ndi mankhwala kumene tikupitako, ndipo kufunsa zimenezi kwa makhansala ndi aphungu athu ndi udindo wathu.

Kwa inu a m'tauni, ndi inu amene muli ndi ana ku Johannesburg kapena ku Harare, ndili ndi pempho. Mumatumiza mafoni okongola kwa makolo, koma kodi munawalembera nambala ya chipatala? Wogula foni agulenso kamakina koyezera BP, kamodzi kakwanira mudzi wonse, pakuti namwino akamva kuti BP ili pa 180 amadziwa chochita kusiyana ndi kungomva kuti "mutu ukuwawa". Ndipo chonde lekani kutumizira makolo mapiritsi ogula kunja popanda wachipatala kudziwa.

Pomaliza, mukamaimba khalani ndi buku la kuchipatala m'manja ndi mapaketi a mankhwala pafupi. Nenani zaka za wodwala, mankhwala amene akumwa, ndi nthawi imene vutolo layamba. Musabise kanthu, ngakhale mankhwala a zitsamba amene mwamwa, pakuti namwinoyo sakuonani nkhope ndipo alibe woti akamuuze. Makolo anati safunsa anadya phula. Achemwali anga akanafunsidwira usiku uja, mwina lero bwenzi akulima okha m'munda mwawo.

Amene ali ndi mafunso ayambe tsopano, ndikadalipo.