Kodi magetsi angathandize mwana wolumala miyendo kuyenda?

Lero tikambirane za ana amene ubongo wawo unavulala akadali m'mimba, pobadwa kapena ali makanda. Kuchipatala vutoli amalitcha paralisia cerebral. Limatha kudza mwana akachedwa kupuma pobadwa, akadwala chikasu chachikulu, malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Si ufiti, si mlandu wa mayi, ndipo silipatsirana.

Ambiri mwa anawa minofu yawo imakungika. Amayendera zala za kuphazi, kapena amakoka phazi pansi n'kumapunthwa. Mwina munamvapo zoti kuli kachipangizo ka magetsi kothandiza ana otere. N'zoona. Kamayendera mabatire ndipo kamamangidwa m'munsi mwa bondo. Mwana akamanyamula mwendo, kamatumiza mphamvu yochepa kwambiri ku mtsempha, minofu n'kudzutsa phazi kuti zala zisakhule pansi. Iye amangomva kunyerenyetsa pakhungu.

Koma mvetsetsani bwino. Kachipangizoka sikachiza ubongo. Kamathandiza ana ena okha, makamaka amene akuyenda kale, ndipo phindu lake limaoneka kwambiri pamene akavala. N'kodula, sikapezeka wamba. Woyenera kuyeza mwana ndi kuchuna mphamvu yake ndi wa fisioterapia, amene ena timati wa mafizo. Ngati mwana ali ndi khunyu kapena zilonda pamwendo, muuzeni asanayambe.

Chonde, musayerekeze kugunditsa mwana mawaya a batire ya galimoto kapena ya sola. Musamuike timakina tothowa thupi togula pamsika. Mungamuwotche khungu, mwinanso kuimitsa mtima wake.

Thandizo lalikulu lili m'manja mwanu momwemo. Tsiku lililonse muwongoleni miyendo pang'onopang'ono monga anakuonetserani kuchipatala, osakakamiza mpaka alire. Muimiritseni mapazi onse ataponda pansi. Mukhomereni mitengo iwiri yosalala pabwalo kuti aziyenda atagwirira. Musamubise m'nyumba, azisewera ndi anzake. Mwendo wongokhala umauma, ndipo ukapindikiratu kuwongola kwake n'kovuta.

Ngati mwana wanu wafika miyezi 9 osakhala yekha, kapena miyezi 18 osayenda, onanani ndi APE wa m'mudzi mwanu kapena pitani kuchipatala, mutatenga khadi lake la kusikelo. Musadikire kuti akule kaye.